Bengaluru: Mzinda wa Makompyuta Umene Unakwirira Maiwe Ake

Tsiku lina Lacinai, belu loweruka litalira, mtsikana wina wa Giredi 12 anatsalira m'kalasi anzake atathamangira kumaminibasi. Anandipatsa foni yake kuti ndione. Panali cilengezo ca koleji ina ya ku India: nyumba zazitali zagalasi, acinyamata akumwetulira atanyamula malaputopu, ndi lonjezo la maphunziro a kompyuta pamtengo wotsika.

"Ba ticha," iye anatero, "ba malume bakamba ati bazanilipilila caka coyamba. Manje iyi Bangalore ni tauni ya bwanji? Imwe mupunzisa va kudala, mufunika kuziba."

Ndinamuyankha kuti ndi mzinda wa makompyuta, Silicon Valley ya ku India. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma tonse awiri tinadziwa kuti ndangobwereza zimene zinali pafoni paja. Amalume ake anali pafupi kugulitsa puloti kuti ndalamazo zipezeke, ndipo ine, munthu wa digiri ya mbiri yakale, ndinalibe coonjezera. Ndinapita kunyumba ndi manyazi. Milungu itatu yotsatira ndinaithera pa kuwerenga, nthawi zina pafoni mumdima malaiti atapita. Zimene ndalemba pano ndi yankho limene ndinayenera kumupatsa tsiku lija. Ndinapeza kuti cuma ca mzindawu ndi ludzu lake zonse zinabzalidwa kalekale, ndipo zakula pamodzi.

Mzinda wopanda mtsinje

Bengaluru ndi likulu la cigawo ca Karnataka, kum'mwera kwa India. Cilankhulo ca eni malo ndi Kannada. Azungu ndiwo anali kuchula dzinali kuti Bangalore, ndipo kalembedwe kameneka kanakhala mpaka pa 1 Novembala 2014 pamene boma linabwezera dzina la eni ake. Dzinalo ndi lakale kwambiri: linapezeka litazokotedwa pamwala wa ca m'ma 890 pamudzi wa Begur. Palinso nthano yakuti mfumu ina inasocera posaka nyama, mai wina wokalamba n'kuipatsa nyemba zophika, ndiye mfumuyo inacha malowo mudzi wa nyemba zophika. Nthanoyo ndi yokoma, koma mwala uja ndi wakale kuposa mfumuyo.

Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 900 kucokera pamene nyanja yaikulu ilekezera. N'cifukwa cake suli wotentha ngati mizinda yambiri ya ku India. Koma kukhala pamtunda kuli ndi vuto lake: palibe mtsinje waukulu umene umadutsamo. Ife a mu Lusaka timalidziwa vutoli. Nafenso tili pamtunda, tilibe mtsinje waukulu, ndipo mizinda yonse iwiri inapatsidwapo dzina lofanana lakuti Garden City.

Mu 1537, mtsogoleri wina dzina lake Kempe Gowda, amene anali pansi pa ufumu wa Vijayanagara, anamanga linga la dothi n'kuika msika mkati mwake. Anagawa msikawo potengera malonda, monga mmene zilili mu Soweto kuti tomato ali kwake, salaula kwake. Zigawozo amazicha pete. Akkipete kunali kwa mpunga, Balepete kwa zibangili, Aralepete kwa thonje. Mainawa akalipo mpaka lero.

Nanga madzi anali kuwatenga kuti? Anthu a dera limenelo anali ndi nzeru yakale. Anali kuchinga tizigwa ndi zipupa za dothi kuti madzi a mvula aime n'kukhala dziwe. Dziwe la kumtunda likadzaza, madzi anali kusefukira mu ngalande kupita ku dziwe la kumunsi, kenako lina, ngati mikanda pa ulusi. Maiwewo anali kuthirira minda, kumwetsa ziweto, ndi kudzaza zitsime za pafupi popeza madzi anali kulowerera pansi pang'onopang'ono. Pa maiwe a nthawi ya Kempe Gowda, sungani maina awiri awa: Dharmambudhi ndi Sampangi. Tikumana nao kutsogolo.

Matauni awiri m'malo amodzi

Mzindawu unadutsa m'manja ambiri. Mu 1687 asilikali a ufumu wa Mughal ataulanda, anaugulitsa kwa mfumu ya ku Mysore, Chikkadevaraja Wodeyar, pa marupi 300,000. Pambuyo pake unalamulidwa ndi Hyder Ali, amene mu 1760 anayamba munda wa maluwa ndi mitengo wa Lalbagh, ndi mwana wake Tipu Sultan. Angelezi analanda linga la mzindawu mu 1791, ndipo Tipu anaphedwa pankhondo mu 1799.

Mu 1809 Angelezi anamanga kampu yaikulu ya asilikali kum'mawa kwa mzinda wakale, pothawa udzudzu ndi malungo a ku Srirangapatna. Kucokera pamenepo panakhala matauni awiri. Kwina kunali pete, ya tinjira topanikizana ndi anthu olankhula Kannada. Kwina kunali Cantonment, ya miseu yotakata, mabangalo, machalichi ndi masukulu a Cingelezi. Aliyense wokulira m'komboni moyang'anana ndi kumayadi safunika kufotokozeredwa zambiri. Winston Churchill anakhala m'kampumo kuyambira mu 1896 ali msilikali wacinyamata, ndipo anacoka atasiya nkhongole ya marupi 13 ku Bangalore Club.

Mu 1898 mliri wa makoswe unapha anthu masauzande m'tinjira ta pete. Boma linayankha pomanga malo atsopano okhala ndi miseu yoongoka ndi ngalande, Basavanagudi ndi Malleswaram. Boma limeneli linali la mafumu a Mysore, amene Angelezi anawabwezera ulamuliro mu 1881 ngakhale anakhalabe pansi pao. Mafumuwa ndi nduna zao anacita zinthu zimene zipatso zake zinadzadyedwa ndi adzukulu.

Mbeu zimene zinatenga nthawi

Mu 1902 boma la Mysore linayamba kupanga magetsi pamathithi a Shivanasamudra pamtsinje wa Kaveri, makamaka kuti aziyendetsa migodi ya golide ya ku Kolar. Mu 1905 magetsiwo anafika mu Bengaluru ndipo nyale za m'miseu zinayaka. Caka cimeneco Lusaka anali cabe kasiteshoni katsopano ka njanji.

Wamalonda wina wolemera, Jamsetji Tata, amene dzina la banja lake timaliona pamabasi ndi mathiraki, anafuna kuti India akhale ndi sukulu yofufuza za sayansi. Anamwalira mu 1904 asanaione. Mfumu ya Mysore inapereka malo aakulu mu Bengaluru, ndipo Indian Institute of Science inakhazikitsidwa mu 1909. Mu 1933 mtsogoleri wake anakhala C. V. Raman, amene analandira mphotho ya Nobel ya sayansi mu 1930. Injiniya M. Visvesvaraya, nduna yaikulu ya Mysore kuyambira 1912 mpaka 1918, anatsegula koleji ya mainjiniya mumzindawu mu 1917. Mpaka lero India amakumbukira tsiku la mainjiniya pa 15 Seputembala, tsiku limene iye anabadwa.

Kenako kunabwera mafakitale. Mu 1940 Walchand Hirachand anayamba Hindustan Aircraft, imene inali kukonza ndeke za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. India atapata ufulu mu 1947, boma linaika mafakitale ake akuluakulu mu Bengaluru, kutali ndi malire a kumpoto kumene kunali mikangano: Indian Telephone Industries mu 1948, Hindustan Machine Tools mu 1953, Bharat Electronics mu 1954. Bungwe la zamlengalenga la ISRO, lokhazikitsidwa mu 1969, nalonso likulu lake lili komweko. Mafakitalewa anamanga nyumba, masukulu ndi zipatala za anchito ao, monga mmene migodi inacitira ku Copperbelt. Ana okulira m'nyumba zimenezo anaona makolo ao akupanga mafoni, mawochi ndi zida za wailesi, ndipo ambiri anapita kumakoleji a uinjiniya amene anali kuculuka.

Apa m'pamene cilengezo ca pafoni cija cinadumpha. Makompyuta asanafike, mzindawu unali utatha zaka zoposa 60 ukuphunzitsa masamu ndi uinjiniya. Zambiri mwa izo zinalipiridwa ndi boma, ndipo amene anaziyamba sanaone phindu lake.

Dishi pa ngolo ya ng'ombe

Mu 1978 boma la Karnataka linapatula maekala 332 kum'mwera kwa mzinda n'kupacha Electronics City. Mu 1981, N. R. Narayana Murthy ndi anzake 6 anayamba kampani ya Infosys ku Pune ndi marupi 10,000 amene anabwereka kwa mkazi wake, Sudha Murty. Mu 1983 anasamukira ku Bengaluru. Wipro, imene inayamba mu 1945 ndi kuyenga mafuta ophikira, inalowa m'nchito ya makompyuta pansi pa Azim Premji, ndipo nayonso likulu lake lili mumzindawu.

Mu 1985 kampani ya ku America ya Texas Instruments inatsegula ofesi yake mu Bengaluru. Inafunika dishi ya setilaiti kuti izitumiza nchito ku America. Pali cithunzi cochuka coonetsa dishiyo ikufika pa ofesi itakwezedwa pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe. Cimene Amereka anatsatira si miseu yabwino kapena mafoni odalirika, popeza zimenezo kunalibe. Anatsatira mainjiniya odziwa Cingelezi amene malipiro ao anali kacigawo kakang'ono ka malipiro a ku America.

Mu 1991 India anatsala pang'ono kutheratu ndalama zakunja. Nduna ya zacuma, Manmohan Singh, inamasula malamulo ambiri a malonda, ndipo boma linakhazikitsa malo apadera a makampani a mapulogalamu, okhala ndi intaneti ya setilaiti ndi misonkho yocepa. Nthawi nayonso inathandiza: ku America kukada, ku India kumakhala kwaca, ndiye kasitomala amagona atasiya vuto n'kudzuka litakonzedwa. Pamene caka ca 2000 cinayandikira, makampani a dziko lonse anaopa kuti makompyuta akale, amene anali kulemba caka ndi manambala awiri cabe, adzasokonezeka. Panafunika anthu masauzande oti awerenge mapulogalamu akale mzere ndi mzere. Bengaluru anali nao. Mu 1999 Infosys inakhala kampani yoyamba ya ku India kulembedwa pamsika wa masheya wa Nasdaq. Ku America kunabadwa mau akuti Bangalored, onena za munthu amene nchito yake yasamutsidwira ku India.

M'badwo wotsatira unayamba makampani akeake. Mu 2007 Sachin Bansal ndi Binny Bansal anayamba kugulitsa mabuku pa intaneti ali m'fulati ku Koramangala. Kampani yao, Flipkart, inagulidwa mbali yaikulu ndi Walmart mu 2018 pa madola 16 biliyoni. Pa 23 Ogasiti 2023, pamene combo ca Chandrayaan-3 cinatera pamwezi, anthu amene anali kuciyang'anira anali m'cipinda mu Bengaluru.

Kumene maiwe anapita

Mu 1951 mzindawu unali ndi anthu osakwana 800,000. Kalembera wa 2011 anapeza 8.4 miliyoni, ndipo lero akuyerekezedwa kupitirira 13 miliyoni. Onsewa amamwa, amasamba, amacapa.

Kutha kwa maiwe kunayamba ndi cinthu cabwino, pompi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mzinda unayamba kulandira madzi a m'mapaipi kucokera ku damu la Hesaraghatta, kenako la Thippagondanahalli mu 1933. Kuyambira mu 1974 madzi anayamba kucokera ku Kaveri, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, akupopedwa kukwera phiri. Madzi atayamba kutuluka pa pompi, anthu anaiwala nchito ya dziwe. Linasanduka malo a udzudzu, dzala la zinyalala, ndipo pomaliza puloti. Dharmambudhi lero ndi siteshoni yaikulu ya mabasi ya Kempegowda, imene anthu amaicha Majestic. Sampangi ndi bwalo la masewera la Kanteerava. Ena anakhala misika, nyumba ndi bwalo la gofu. Ngalande zolumikiza maiwe zinacepetsedwa kapena kumangidwapo.

Maiwe otsala analandira zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale. Dziwe la Bellandur, limene lili pafupi ndi maofesi a makampani akuluakulu, limatulutsa thovu loyera limene mphepo imaulutsira mumseu. Mu Febuluwale 2017 linayaka moto, utsi n'kuphimba dera lonse. Dziwe la madzi, kuyaka moto.

Mu Seputembala 2022 mvula yamphamvu inagwa ndipo madzi anafunafuna njira zao zakale. Anazipeza pansi pa maofesi ndi nyumba zodula. Anthu a makompyuta anapita kunchito atakwera mathirakita, ndipo mabwana ena anapulumutsidwa m'nyumba zao ndi mabwato. Patangopita caka ndi theka, mu Malichi 2024, vuto linatembenuka. Mvula inali itacepa, ndipo boma linanena kuti pafupifupi theka la ma borehole 14,000 a mumzinda anali ataphwa, ndi kuti tsiku lililonse panali kupelewera malita 500 miliyoni. Wopezeka akutsuka motoka ndi madzi akumwa anali kulipira faindi ya marupi 5,000. Cigumula ndi cilala zinali ndi muzu umodzi. Nthaka yophimbidwa ndi simenti siimwa mvula, motero madzi amasefukira m'dzinja ndipo zitsime zimauma m'cilimwe.

Pa vuto lotere olemera amaitana thanki ya madzi pafoni. Amene amaima pamzere ndi zigubu ndi alonda, omanga nyumba, anchito za m'nyumba ndi anyamata operekera zakudya panjinga zamoto, ambiri a iwo ocokera kumidzi yakutali. Zithunzi za nyumba zagalasi sizionetsa anthu amenewa, ngakhale ndiwo amazimanga ndi kuzisesa. Sizionetsanso mseu: kampani ya TomTom inapeza kuti mu 2019 Bengaluru ndiwo unali mzinda wothinana motoka kuposa yonse imene inayeza padziko, ngakhale sitima ya mumzinda, Namma Metro, inayamba kuyenda mu 2011.

Komabe anthu a kumeneko sanapinde manja. Okhala pafupi ndi dziwe la Kaikondrahalli anagwirizana ndi khonsolo n'kulibwezeretsa, ndipo mbalame zinabwerera. Mabanja a Mannu Vaddar, amene nchito ya makolo ao inali kukumba zitsime, akuitanidwanso kuti akumbe zitsime zolowetsa madzi a mvula pansi. Mzinda wotumiza combo kumwezi wabwerera kukapempha nzeru kwa anthu a khasu ndi cingwe.

Yankho langa

Powerenga zonsezi, maganizo anga anali kubwerera kwathu. Madzi a Lusaka amapopedwa kucokera ku Kafue, ndipo otsala timawatenga pansi pa nthaka imodzimodzi imene takumbamo zimbudzi. Madambo amene ena a ife tinali kugwiramo acule tili ana, lero ali ndi mipanda ya mabuloko. Kanyama imamira caka ndi caka, ndipo mu Januwale 2024 tinaona Heroes Stadium itasanduka cipatala ca kolera. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Timakonda kukamba zakuti tidzakhala likulu la tekinoloji. Mbiri ya Bengaluru ikuonetsa kuti zimenezo zimayambira m'kalasi ya masamu ya Giredi 8 ndipo zimatenga zaka makumi, pamene kukwirira dambo kumatenga mwezi umodzi.

Nditamaliza kuwerenga ndinamuitana mtsikana uja. Sindinamuuze kuti apite kapena asapite, popeza puloti ndi ya amalume ake ndipo moyo ndi wake. Ndinamuuza kuti mumzinda umodzimodziwo muli makoleji amene aphunzitsa akatswiri a dziko lonse, mulinso ena ongokongola pacithunzi, motero afufuze kaye ngati pepala la kolejiyo lingavomerezedwe ndi ZAQA akabwera. Ndinamuuza kuti alankhule ndi mwana wa sukulu wa ku Zambia amene ali kale komweko, osati ejenti yekha. Sindinamubisire kuti kumayambiriro kwa 2016 gulu la anthu linamenya ndi kucititsa manyazi mtsikana wa ku Tanzania wophunzira mumzindawo, pa ngozi ya motoka imene iye sanacite, ndi kuti khungu lakuda lili ndi mtolo wake kumeneko. Ndinamuuzanso za Kempe Gowda, za Tata amene anamwalira asanaone sukulu yake, ndi za siteshoni ya mabasi imene ili pamwamba pa dziwe.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa cimene angalembe mu imelo yake yoyamba ku kolejiyo. Ndinati afunse za mafizi ndi za aphunzitsi, koma asaiwale kufunsa kumene hositelo imatenga madzi ake, ndi masiku angati pa mlungu amene pompi imatulutsa.

Anaseka. "Ba ticha, ivo na ku Kanyama timafunsa tikalibe kulipila lendi."

Anatulutsa buku lake la histore, n'kutsegula tsamba lakumbuyo, ndipo ndinamulembera liu loyamba la Kannada limene ndinaphunzira m'milungu itatu ija: neeru. Tanthauzo lake ndi madzi.